Dzina la Toyota: mmene linamangidwira ndi pamene lakhala likugwedezeka

Mawu akuti Toyota siifa amamveka kawirikawiri pakati pa anthu ogula ndi kugulitsa magalimoto, ndipo amene amawanena saona chifukwa choperekera umboni, popeza umboniwo uli pamsewu. Minibasi zambiri zonyamula anthu pakati pa Limbe ndi Blantyre ndi za mtundu wa Hiace, ambulansi imene imatha kufika pachipatala chakumudzi m'nyengo ya dzinja nthawi zambiri imakhala Land Cruiser, ndipo Sienta, imene ku Japan anaipangira banja laling'ono, kuno inasanduka galimoto yonyamula anthu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ine sindikutsutsa kuti magalimotowa ndi olimba. Chimene chimandivuta ndi maganizo obisika m'mawuwa, akuti kulimbako n'kwachibadwa, kuti kuli m'dzina lenilenilo kapena m'magazi a anthu a ku Japan. Mbiri ya kampaniyi ikusonyeza kuti inayamba ndi magalimoto ofera panjira, kuti kudalirika inachita kukuphunzira movutikira, ndiponso kuti nthawi zonse pamene yachita phuma, mbiri yabwinoyo yakhala ikugwedezeka.

Nkhaniyi siyambira pa galimoto ayi, koma pa nsalu. Sakichi Toyoda, amene anabadwa mu 1867 m'banja la mmisiri wa matabwa m'chigawo cha Shizuoka, anathera moyo wake akupanga ndi kukonzanso makina olukira nsalu. Vuto lalikulu la makina oterewa linali lakuti ulusi umodzi ukaduka, makinawo ankangopitiriza kuluka, ndipo pofika nthawi imene munthu wazindikira, nsalu yaitali inali itawonongeka kale. Makina amene iye anamaliza mu 1924, otchedwa Type G, ankaima okha ulusi ukangoduka. Zotsatira zake zinali ziwiri: nsalu yoipa inasiya kutuluka, ndipo munthu mmodzi ankatha kuyang'anira makina ambiri nthawi imodzi chifukwa sankafunikanso kuima chilili n'kumadikira kuti chinthu chilakwike. Luso limeneli linali lenileni, moti mu 1929 kampani ya ku England ya Platt Brothers, imene inali patsogolo pa ntchito yopanga makina a nsalu, inagwirizana nawo zogula ufulu wopanga makinawa pa mtengo wa mapaundi 100,000.

Mwana wake, Kiichiro Toyoda, ndi amene anali ndi mtima wa magalimoto. Mu 1933 anatsegula nthambi yoona za magalimoto mkati mwa kampani ya banja la Toyoda yopanga makina a nsalu, mu 1935 anatulutsa lole yoyamba yotchedwa G1, ndipo mu 1936 kunabwera galimoto yokwera anthu ya Model AA, imene injini yake anatengera pa Chevrolet pamene maonekedwe ake anatengera pa galimoto ya kampani ya Chrysler. Kampani yoima payokha ya Toyota Motor inakhazikitsidwa mu 1937, ndipo fakitale yake inamangidwa m'tauni ya Koromo pafupi ndi Nagoya, imene pambuyo pake, mu 1959, inasintha dzina n'kukhala mzinda wa Toyota. Malole oyamba aja ankawonongeka pafupipafupi, ndipo amisiri a kampaniyi, nthawi zina Kiichiro mwiniwake, ankathamangira kumene lole yafera kukaona chimene chathyoka. Palibe amene akananena pa nthawiyo kuti Toyota siifa.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kampaniyi inatsala pang'ono kugwa. Mu 1950 ndalama zinaithera, mabanki anaika mfundo zokhwima asanaibwereke ngongole, kuphatikizapo yakuti nthambi yogulitsa magalimoto ipatulidwe n'kukhala kampani ina, ndipo pamene akuluakulu anapempha antchito 1,600 kuti asiye ntchito, kunabuka sitalaka imene inatenga pafupifupi miyezi iwiri. Kiichiro anatula pansi udindo wake ndipo anamwalira mu 1952. Chimene chinapulumutsa kampaniyi si nzeru zake, koma nkhondo ya ku Korea, imene inayamba m'chaka chomwecho cha 1950 n'kuchititsa asilikali a ku America kuitanitsa malole ambiri ku Japan. M'nyengo yomweyi munabadwa galimoto yoyenda m'malo ovuta ya mu 1951, imene mu 1954 inapatsidwa dzina lakuti Land Cruiser.

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa chinsinsi chonse cha kudalirika chili m'zimene zinachitika m'mafakitale m'zaka zotsatira. Eiji Toyoda, msuweni wa Kiichiro, anapita ku America mu 1950 kukaona fakitale yaikulu ya Ford ya River Rouge, imene inkatulutsa magalimoto masauzande patsiku pamene Toyota inkatulutsa makumi ochepa chabe. Njira ya ku America inali yopanga zipangizo zambirimbiri nthawi imodzi, kuziunjika m'nyumba zosungira katundu, ndi kuonetsetsa kuti mzere wolumikizira magalimoto usaime ngakhale pang'ono. Galimoto ikakhala ndi vuto ankaisiya kuti ifike kumapeto, kumene gulu lina la amisiri linkaikonza. Toyota inalibe ndalama zounjikira zipangizo, inalibe malo, ndipo msika wa ku Japan unali waung'ono koma wofuna magalimoto amitundumitundu. Injiniya wina dzina lake Taiichi Ohno, amene anayambira ntchito ku kampani yopota ulusi ya banja la Toyoda, ndi amene anasandutsa umphawi umenewu kukhala dongosolo. Iye analamula kuti gawo lililonse la fakitale lizipanga chipangizo pokhapokha gawo lotsatira likachifuna, ndiponso muyeso wokhawo umene lafuna, ndipo uthengawo unkayenda pa timakadi totchedwa kanban.

Poyamba dongosololi limaoneka ngati njira yongopulumutsira ndalama, koma taganizirani chimene limachita pa chipangizo cholakwika. M'fakitale younjika katundu, makina akayamba kudula chitsulo molakwika, zipangizo masauzande zimakhala zitapangidwa ndi kusungidwa munthu asanadziwe, ndipo wolumikiza galimoto akapeza choipa amangochiponya pambali n'kutenga china pamulu. M'fakitale yopanda mulu, chipangizo choipa chilibe pobisala, chifukwa chimafika m'manja mwa wochigwiritsa ntchito pasanapite nthawi, ndipo popeza palibe china chotenga, ntchito imaima mpaka gwero la vutolo lapezeka. Pamwamba pa zimenezi anaikapo chingwe chimene wantchito aliyense, ngakhale wongoyamba kumene, ali ndi ufulu wochikoka akaona cholakwika. Akakoka, nyali imayaka, kapitawo amathamangira pamalopo, ndipo ngati vutolo silinathe msanga, mzere wonse umaima. Awa ndi maganizo a Sakichi aja, akuti ulusi ukaduka makina aime, koma tsopano atapatsidwa kwa munthu. Ohno ankaphunzitsanso kuti vuto likaoneka, munthu afunse kuti "chifukwa chiyani" kasanu motsatizana, kuti asakhutire ndi kusintha chipangizo chimene chapsa koma afike pa chimene chinachipsetsa.

Zimenezi sizinabale zipatso tsiku limodzi. Mu 1958 Toyota inayamba kugulitsa galimoto ya Crown ku America, ndipo inachita manyazi. Galimoto imene inali yoyenera misewu yokumbika ya ku Japan ya nthawiyo inali yolemera ndi yopanda mphamvu m'misewu ikuluikulu ya ku California, kumene inkatentha injini ndi kunjenjemera ikathamanga nthawi yaitali. M'chaka chimenecho anagulitsa magalimoto osakwana 300, ndipo patapita zaka zochepa anasiya kutumiza Crown, n'kutsala akudalira Land Cruiser. Kuchokera mu 1961 kampaniyi inayamba ndondomeko yoti nkhani ya ubwino wa katundu ikhale ya aliyense, kuyambira wojambula pulani mpaka wogulitsa, osati ya anthu oyendera katundu kumapeto okha, ndipo mu 1965 inalandira mphoto ya Deming, yotchedwa ndi dzina la W. Edwards Deming, katswiri wa ku America amene anaphunzitsa akuluakulu a makampani a ku Japan kugwiritsa ntchito ziwerengero pofufuza zolakwika. M'chaka chomwecho inabwerera pa msika wa ku America ndi Corona. Kenako kunabwera mayina amene tikuwadziwa: Corolla mu 1966, Hiace mu 1967, Hilux mu 1968. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, anthu ambiri a ku America anagula timagalimoto ta ku Japan pofuna kupulumutsa petulo, ndipo anadzazindikira pambuyo pake kuti sitinkawatumiza kwa makaniko kawirikawiri. Pofika mu 2021, Corolla yokha inali itagulitsidwa kuposa 50 miliyoni.

Kwa amene amakhulupirira kuti zonsezi n'chifukwa cha chikhalidwe cha anthu a ku Japan, nkhani ya fakitale ya ku Fremont ku California ndi yankho lokwanira. Fakitaleyi inali ya General Motors, kampani yaikulu ya magalimoto ya ku America, ndipo inkadziwika ndi kujomba kwa antchito, mikangano yosatha pakati pa antchito ndi mabwana, komanso magalimoto odzaza ndi zolakwika, mpaka inatsekedwa mu 1982. Mu 1984 inatsegulidwanso pa mgwirizano wa General Motors ndi Toyota pansi pa dzina lakuti NUMMI. Antchito ambiri amene analembedwa anali omwe aja akale, ndipo mazana mwa iwo anatumizidwa ku fakitale ya Takaoka ku Japan kukaphunzira kagwiridwe ka ntchito. Pasanapite zaka zambiri, magalimoto otuluka ku Fremont anali m'gulu la abwino koposa mwa onse a General Motors, ndipo ankayandikira a ku Japan komweko. Anthu anali omwewo, nyumba inali yomweyo. Chimene chinasintha n'chakuti wantchito wonena kuti pali cholakwika anasiya kuonedwa ngati wosokoneza. Fakitaleyi inatsekedwa mu 2010, ndipo lero ndi ya Tesla, kampani yopanga magalimoto oyendera batire.

Pali chinthu chinanso chimene chimathandiza mbiri ya Toyota, chomwe okonda magalimoto othamanga amachinyoza: kampaniyi siithamangira zatsopano. Injini imene yasonyeza kuti ndi yolimba amaisunga zaka zambiri, n'kumangoikonza pang'onopang'ono. Land Cruiser ya mtundu wa 70 inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ikupangidwabe, ndipo injini yake yotchuka ya dizilo ya 1HZ, ya malita 4.2, ilibe tebo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini, komanso siidalira kompyuta, moti imapirira mafuta osayera bwino ndipo makaniko wa pa boma angathe kuitsegula ndi zida wamba. Mtengo wa zimenezi ulipo, pakuti galimoto yotereyi ndi yochedwa, imamwa mafuta, ndipo ilibe zambiri zotetezera okwera zimene magalimoto amakono ali nazo. Komabe pamene kampaniyi inalimba mtima n'kutulutsa Prius mu 1997, galimoto yoyendera petulo ndi batire pamodzi, ambiri ankayembekezera kuti idzavuta, koma inadzakhala imodzi mwa magalimoto amene oyendetsa matakisi m'mizinda ikuluikulu amawakhulupirira kwambiri.

Tsopano mbali imene ogulitsa magalimoto saikonda. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 Toyota inakula mofulumira kwambiri, inamanga mafakitale m'mayiko ambiri, ndipo mu 2008 inapitirira General Motors n'kukhala kampani yogulitsa magalimoto ambiri padziko lonse. Mu Ogasiti 2009, pafupi ndi San Diego, wapolisi wina wa pamsewu anafa pamodzi ndi abale ake atatu m'galimoto ya Lexus, dzina limene Toyota imagwiritsa ntchito pa magalimoto ake apamwamba, pamene chopondera moto chinakodwa pa kamphasa kopondapo mapazi ndipo galimotoyo inakana kuima. Ngoziyi inavundukula madandaulo amene analipo kale, ndipo kampaniyi inaitanitsa magalimoto mamiliyoni kuti akakonzedwe, ena chifukwa cha timphasa timeneti, ena chifukwa cha chopondera moto chimene chinkachedwa kubwerera. Mu Febuluwale 2010 Akio Toyoda, mdzukulu wa Kiichiro, anakaonekera pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya ku America n'kuvomera kuti kampaniyi inakula mofulumira kuposa mmene ikanathera kuphunzitsa anthu ake. Kafukufuku wa boma la America, amene akatswiri a NASA, bungwe loona za maulendo a kuthambo, anathandizapo, sanapeze vuto m'makompyuta a magalimotowa, koma zimenezi sizinachotse mlandu, pakuti mu 2014 Toyota inalipira chindapusa cha madola 1.2 biliyoni n'kuvomera kuti inasocheretsa anthu pa zimene inkadziwa. Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi si chakuti chipangizo chinalakwika, chifukwa zimenezo zimachitikira kampani iliyonse, koma chakuti kampani imene inaphunzitsa dziko lonse kuimitsa mzere pakaoneka vuto inalephera kudziimitsa yokha pamene vutolo linafika pa tebulo la akuluakulu.

Zoterezi zabweranso posachedwapa, ndipo ulendo uno zikukhudza magalimoto amene timawaona tsiku ndi tsiku. Mu 2022 kampani ya Hino, yopanga malole m'banja la Toyota, inavomera kuti inkanamiza boma pa ziwerengero za utsi wa mainjini ake kwa zaka zambiri. Mu Disembala 2023 Daihatsu, imene ndi ya Toyota ndipo ndi imene yapanga magalimoto ngati Passo ndi Probox ngakhale amatuluka ndi chizindikiro cha Toyota, inaimitsa kutumiza magalimoto ake onse zitadziwika kuti mayeso ambiri a chitetezo ankachitidwa mwachinyengo, ndipo ofufuza anati chinayambitsa ndi nthawi yochepa kwambiri imene mainjiniya ankapatsidwa komanso mantha oti anene kuti sizitheka. Kumayambiriro kwa 2024 kunamveka zofanana ndi zimenezi pa mayeso a mainjini a dizilo opangidwa ndi Toyota Industries, kampani ya makina a nsalu ija, ndipo mu Juni chaka chomwecho Toyota yeniyeniyo inavomera kuti sinatsate malamulo poyesa mitundu isanu ndi iwiri ya magalimoto, n'kuimitsa kwa kanthawi kupanga Corolla Fielder, Corolla Axio ndi Yaris Cross. Kampaniyi inanena kuti magalimotowo ndi otetezeka kuyendetsa, ndipo mwina n'zoona, koma munthu amene wagwidwa akukonza zotsatira za mayeso sangadabwe anthu akayamba kukayikira mawu ake.

Nanga n'chifukwa chiyani kuno kwathu dzinali silinagwedezeke? Mbali ina ya yankho ili m'malamulo a ku Japan. Kumeneko galimoto yatsopano imayenera kuyesedwa mokhwima ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo chifukwa kuyesaku pamodzi ndi misonkho yake kumadya ndalama zambiri, anthu ambiri amagulitsa magalimoto awo akadali abwino. Popeza ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu monga mmene timachitira ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, magalimotowa amatiyenera osasintha chilichonse, ndipo amakwera sitima zapamadzi n'kudzatsikira ku Dar es Salaam, Durban kapena Beira, ambiri obwera ku Malawi n'kudzalowera pa chipata cha Songwe. Hilux ndi Fortuner zatsopano zambiri za m'chigawo chino zimachokera pafupi, ku fakitale ya Prospecton ku Durban.

Mbali ina, imene ine ndikuona kuti ndi yaikulu kuposa mmene timaganizira, ndi yakuti zimene timazitcha kulimba nthawi zambiri zimakhala kupezeka kwa masipeya ndi kwa munthu wodziwa kukonza. Galimoto iliyonse imawonongeka. Kusiyana kuli pakuti Corolla ikathyoka chitsulo cha kumapazi, mwiniwake amachipeza tsiku lomwelo ku Malangalanga ku Lilongwe kapena m'masitolo a ku Limbe, chatsopano kapena chochotsedwa pa galimoto ina, ndipo makaniko amene angachimange anaphunzira ntchito pa galimoto ya mtundu womwewo. Galimoto ya kampani ina, yolimba chimodzimodzi, ingathe kukhala pamiyala miyezi ingapo ikudikira kachipangizo kochokera kunja, ndipo odutsa amati mtunduwu ndi wosalimba. Choncho magalimoto a Toyota akachuluka, amalonda amaitanitsa masipeya ake ambiri, amakaniko amawazolowera, mtengo wogulitsiranso umakhala wabwino, ndipo wogula wotsatira amasankha Toyota pa zifukwa zomveka ndithu, zimene zilibe kwenikweni chochita ndi chingwe cha m'fakitale chija. Honda, Mazda, Nissan ndi Isuzu apangapo magalimoto olimba kwambiri, koma ena mwa iwo sanapeze mwayi woterewu pa msika wathu.

Chikhulupiriro chakuti Toyota siifa chili ndi kuopsa kwake. Chimachititsa munthu kugula galimoto ya zaka khumi ndi zisanu osafunsa ngati makilomita ake sanabwezedwe m'mbuyo, osayang'ana dzimbiri la kunsi limene limagwira magalimoto ochokera kumpoto kwa Japan kumene kumagwa chipale, ndiponso kudumphitsa nthawi yosinthira oyilo poganiza kuti injiniyo ipirira. Chimachititsanso mwini minibasi kuiwala kuti kupirira kwa injini si chitetezo cha okwera: Hiace ingathe kukoka katundu woposa muyeso kwa zaka zambiri, koma mabuleki ndi matayala ake sanapangidwire kulemera kumeneko, ndipo malata ake sangateteze anthu opanikizana ngozi ikachitika.

Komanso magalimoto amene akufika tsopano si ofanana ndi Corolla yakale imene inamanga mbiriyi m'mitima mwathu. Ambiri ali ndi giyabokosi yodzisintha yokha ya mtundu wa CVT, imene imafuna oyilo wakewake ndipo imawonongeka msanga ikathiridwa wa giyabokosi wamba. Aqua ndi Prius zili ndi batire yaikulu imene imafooka ndi zaka ndiponso ndi kutentha, makamaka fumbi likatseka njira yolowera mpweya woiziziritsa, ndipo mphamvu ya magetsi ake ndi yoti ingaphe munthu woikhudza mosadziwa. Mainjini atsopano a dizilo amapopa mafuta pa mphamvu yaikulu kwambiri, moti madzi pang'ono kapena litsiro m'thanki zimawononga zipangizo zodula. Pa magalimoto oyendera batire yokha Toyota yachedwa poyerekeza ndi Tesla komanso makampani a ku China monga BYD, ndipo galimoto yake ya bZ4X inaitanitsidwa mu 2022, itangotuluka kumene, chifukwa mabawuti a matayala ankatha kumasuka. Magalimoto amene akugulidwa ku Japan lero ndi amene adzadzaze madoko athu zaka zisanu kapena khumi zikubwerazi, ndipo ambiri mwa iwo adzakhala a petulo ndi batire pamodzi. Makaniko amene adzawalandire adzafunika makina owerengera kompyuta ya galimoto, magolovesi otetezera ku magetsi ndi maphunziro amene masukulu athu a ntchito zamanja ayenera kuyamba kupereka mokwanira kuyambira panopa, magalimotowo asanachuluke m'magalaja.